Za Valheim mwafunsazi, ine ndikuti gulani koma mudekhe

Achimwene, mwafunsa ngati gemu ya Valheim ndi yoti munthu nkugula panopa kapena mudikire ithe kaye kupangidwa poti idakali mu early access (kugulitsa gemu isanathe kupangidwa), komanso ngati ingakome kusewera nokha. Ine ndakhala nayo nthawi yaitali ndithu, poyamba ndekha kenako ndi anzanga awiri, nde ndiyankha motalikitsa, mundipirire.

Ine ndikuti gulani. Koma mudziwiretu mtundu wa gemu yomwe mukulowamo, chifukwa anthu amene ndawaona akuisiya sanaisiye poti ndi yosatha kupangidwa ayi, anaisiya poti ankafuna kuthamanga pomwe gemuyo imafuna munthu wodekha, wokonzekera ulendo asananyamuke.

Mawu oti early access amaopsa anthu ndipo mpomveka, alipo magemu omwe anagulitsidwa ali theka eni ake nkuwasiya panjira. Iyiyi inatuluka pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, pa 2 February 2021, opanga ake ndi Iron Gate a ku Sweden, nthawi imeneyo anali anthu 5 okha, ndipo sabata yoyamba yokha anagulitsa makope 1 miliyoni. Chiyambire akhala akuwonjezera zinthu, apudeti ya Hearth & Home inabwera mu September 2021, dera la Mistlands mu December 2022, la Ashlands mu May 2024, pamenepo nkutsala dera la Deep North basi. Maapudeti akuluakulu amatenga nthawi, zimenezo nzoona, kuchoka pa Mistlands kufika pa Ashlands panadutsa chaka ndi miyezi 5. Koma inu woyamba kumene zimenezo sizikukhudzani olo pang'ono, maboss (adani akuluakulu) 7 alipo kale aliyense ndi dera lake, ndipo kuti mufike pomwe gemu yalekera padzakhala patapita masabata ambiri. Kudawuniloda kwakenso sikovuta, ndi kagemu kakang'ono poyerekeza ndi ukulu wa dziko lake.

Nkhani yake njachidule. Ndinu Viking amene wafera kunkhondo, chimbalame chimakunyamulani nkukakusiyani pakati pa miyala italiitali mutavala sanza, ntchito yanu ndi kupha adani a Odin, mulungu wa ma Viking, mmodzimmodzi. Khwangwala wina dzina lake Hugin amabwera apo ndi apo kudzakunong'onezani zochita, koma sakugwirani dzanja. Mutola nthambi, mutola mwala, mupanga nkhwangwa, zina zonse muziona nokha.

Chimene chinandigwira mtima choyamba ndi nkhani ya chakudya. M'magemu ambiri amtunduwu umangokhalira kuyang'ana mita ya njala ndi ludzu ngati ukulera mwana wakhanda. Muno njala siipha. Ukapanda kudya umangokhala wofooka, layifu yochepetsetsa, stamina yosachedwa kutha, kanguluwe kakang'ono kakhoza kukugwetsa. Umadya zakudya zitatu zosiyana nthawi imodzi, china chimakweza layifu china stamina, nde usanatuluke umadzifunsa kuti lero ndikukamenyana kapena ndikukakumba, nkusankha zodya molingana ndi ulendowo. Chimodzimodzi kupuma, ukakhala pamoto pansi pa denga kwa kanthawi umapeza mphamvu yoti stamina izibwerera msanga, ndipo nyumba ikakhala ndi bedi, mpando, chikopa choyala pansi, mphamvuyo imakhalitsa. Nde kukongoletsa nyumba si zachibwana, kumakuthandiza kunkhondo. Apa anaganiza bwino kwambiri anthu amenewa.

Kumanga ndiye kwandidyera maola ambiri kuposa china chilichonse. Nyumba yanga yoyamba ndinaimanga m'mbali mwa mtsinje, denga ndinatseka bwinobwino, moto nkuyatsa mkati, posakhalitsa utsi unadzaza mpaka munthu wanga kuyamba kutsamwa layifu ikutsika. Ndinachita kuphwasula mbali ina ya denga nkupanga chumuni, kadenga kakang'ono pamwamba kuti mvula isazimitse moto, ndipo nditatuluka panja nkuona utsi ukukwera mowongoka kunja kukuda, ndinaima pamenepo nthawi ndithu kumangoyang'ana. Chinanso mitengo simangoisanjikiza mmene wafunira. Ukaloza ndi hamala, thabwa lomwe lakhudza pansi limaoneka la buluu, ukamakwera limasanduka la girini, kenako lachikasu, likafika pofiira ndiye kuti ukawonjezera china chigwa. Umayamba kuganiza za nsanamira ndi mitanda ngati mmisiri weniweni. Matabwa osafoleredwa amawola ndi mvula, workbench, tebulo lopangirapo zida, nayo sigwira ntchito popanda denga. Koma chokoma nchoti ukaphwasula ndi hamala zipangizo zimabwerera, ndipo kukonza nkhwangwa kaya uta wotha ndi ulele, nde suopa kuyesa.

Mitengo muisamale. Mukadula mtengo waukulu umagwa ndi kulemera kwake kwenikweni, ukakugwerani muli ndi layifu yochepa mwapita, ndipo nthawi zina umagunda unzake, unzakewo nkugwera komwe mwathawira.

Dera loyamba la Meadows ndi lofatsa, agwape, nguluwe, bowa, njuchi m'mabwinja zoti mukapeza mfumukazi yake mumayamba kuweta nokha. Boss wake Eikthyr ndi chigwape champhezi, mumachiitana ndi mitu iwiri ya agwape, sichovuta kwenikweni, ndipo nyanga zake ndi zomwe mumapangira piki yoyamba. Gemu yeniyeni imayambira mu Black Forest. Kumeneko mumakumba kopa ndi tini, mumalowa m'mapanga a manda muli zigoba za anthu zoyenda kukasaka ma surtling core, timiyala tamoto topangira ng'anjo ndi uvuni wa makala, kenako kopa muwiri ndi tini mmodzi nkutuluka bronze mmodzi. Pamenepa ndi pomwe ambiri amatopera, sindikubisirani, chifukwa miyala njolemera, munthu amanyamula 300 basi, nde mumapita nkubwerera, kupita nkubwerera, troll, chimphona chabuluu chachitali ngati mtengo, akukupingasani panjira. Malangizo anga musalimbane nkupanga chilichonse cha bronze. Nkhwangwa, piki, chida chimodzi ndi chishango zakwana, zovala sokani za chikopa cha troll, pangani ngolo, lambulani msewu ndi khasu, muone mmene ntchito ipepukire.

Tsono pali lamulo limodzi lomwe anthu amakangana nalo mpaka lero. Mukhoza kumanga ma portal awiri nkuwapatsa dzina limodzi, mukalowa uku mwatulukira uko, koma zitsulo sizidutsa pamenepo. Poyamba zinkandiwawa kwambiri. Kenako tinapita ndi anzanga aja kukasaka chitsulo ku Swamp, dambo lamdima lomwe mvula sikata, misundu m'madzi, ma draugr, akufa oyenda, oponya mivi kuchokera mumdima, poizoni paliponse. Tinatsegula manda omira aja ndi kiyi yomwe Elder, boss wa Black Forest, amagwetsa, tinakumba madzulo atatu, nkulongedza zonse m'boti. Pobwerera mphepo inatitembenukira, thanga osathandiza, tikungopalasa pang'onopang'ono, kunja nkuda, mafunde kukula mpaka boti kumakwera ngati likukwera phiri, kenako tinamva kulira kumbuyo kwathu, chinjoka cha m'nyanja chikutilondola. Mmodzi ali pa chiwongolero, awiri tikuponya mivi, aliyense akukuwa pa foni, ndipo tonse tikudziwa kuti boti likasweka thukuta lonse lija lathera m'madzi pakati pa nyanja. Mphepo itabwerera tinatambasula thanga lonse, chinjokacho nkutsalira. Titaona moto wa pakhomo pathu ukuwala chapatali palibe anayankhula kwa kanthawi. Portal ikanalola zitsulo usiku umenewo sukanachitika, ndipo kuyambira tsikulo lamuloli sindilidandaulanso.

Imfa nayo ili ndi mtengo wake. Mukafa katundu yense amatsala pa chiliza pamalo pomwe mwagwerapo, maluso anu amatsika pang'ono, mumadzukira pabedi muli chimanjamanja. Nde kukatenga katunduyo ndi ulendo pawokha. Ine zinandionekera ku Plains, dera looneka bwino zedi, udzu wagolide, dzuwa lili phwee, ndinangoti nditsike boti ndione, kaudzudzu kotchedwa deathsquito kanandibaya kawiri basi nkhani yatha. Portal ndinali ndisanamange, boti latsala komweko kutsidya la nyanja. Zinanditengera madzulo awiri kukhoma boti lina nkukafikako. Chiyambire tsiku limenelo sindiponda gombe lachilendo ndisanaimike workbench ndi portal, ndipo inu muchite chimodzimodzi kuyambira tsiku loyamba. Ndipo dera lililonse lili ndi chofuna chake, ku Swamp mankhwala a poizoni ndi chibonga chomenyera boss wake Bonemass, ku mapiri chakumwa choteteza kuzizira apo ayi mumauma musanaone nkomwe mmbulu.

Zondisowetsa mtendere zilipo. Chikwama chili ndi malo 32 okha ndipo zovala zomwe mwavala zimadyanso malo momwemo, nde mukaika zida, zakudya, mivi ndi mankhwala potsala mpochepa. Ku Mistlands nkhungu njochuluka moti kanyali komwe mumapanga kamangowalitsa pafupi, mapiri ake ndi osongoka, stamina imathera kukwera ndi kudumpha, ine dera limeneli ndinalikonda mochedwa. Ashlands ndiye nkhondo yosapumira, adani amabwera mosalekeza, wosewera yekha amalimva ndithu. Komanso mukamanga mudzi waukulu, nyali mbwee, nthaka mwaikumba ndi kuisalaza paliponse, kompyuta yofooka imayamba kujejemera. Zooneka ngati zakalekale zija zisakupusitseni kuti iyenda pa laputopu iliyonse, kuwala kwake, utsi ndi madzi zimafuna makina a mphamvuko ndithu. Pa laputopu yanga ndinachita kutsitsa mithunzi ndi udzu kuti ziziyenda bwino.

Ubwino wake kuyambira mu 2023 anaikamo zoti mwini dziko azisintha yekha malamulo. Mukhoza kuchepetsa chilango cha imfa, kuchulukitsa zomwe mumapeza mukadula kaya kukumba, kuchepetsa magulu a adani obwera kudzaukira pakhomo, ngakhale kulola zitsulo kudutsa pa portal. Ngati nthawi yanu njochepa, mwina ola limodzi madzulo mukaweruka, kwezani zokolola kuti musathere moyo kukumba kopa, palibe chamanyazi. Koma za portal zokhazo ndikupemphani muzisiye mmene zilili mpaka mutayendako ulendo umodzi wa panyanja ndi katundu.

Pa funso lanu loti nokha kapena ndi anthu, zonse zimatheka koma kukoma kwake nkosiyana. Nokha gemu imakhala yachete, yoopsako, nyimbo zake zofatsa, mumamva mphepo ndi mvula padenga, ndipo chilichonse mwamanga mumadziwa kuti ndi manja anu. Choipa chake mukafera kutali palibe wokuperekezani. Ndi anzanu mukhoza kukwana mpaka 10 m'dziko limodzi, wina amakonda kulima ndi kuphika, wina kumanga, wina sakhazikika amangofuna kukaona kuseri kwa phiri, nde ntchito imagawika yokha. Adani amalimbako anthu mukachuluka pamalo amodzi, nde musaganize kuti zikhala zofewa. Mudziwenso kuti dziko limakhala pa kompyuta ya amene walitsegula, iyeyo akazimitsa enanu simulowa pokhapokha mutakhala ndi seva yosazima. Ndipo mugwirizane poyamba kuti boss timenya tonse, chifukwa kwa ife mmodzi anathamanga yekha masiku omwe enafe tinatanganidwa, pobwera tinapeza wavala zachitsulo ife tikadali ndi zikopa, kukoma kunachepa mpaka tinachita kukambirana. Ili pa Xbox kuyambira mu March 2023 ndipo a pa kompyuta ndi a pa Xbox amatha kusewera limodzi, nde ngati mnzanu ali uko si vuto.

Poti idakali kupangidwa, zinthu ziwiri muzikumbukira. Apudeti yaikulu ikamabwera koperani mafayilo a dziko lanu ndi a munthu wanu muwasunge pena, ndi chizolowezi chabwino pa gemu iliyonse ya early access. Ndipo ma mod, zowonjezera zopangidwa ndi osewera anzathu, musawathamangire, amakonda kusiya kugwira ntchito gemu ikasintha, yambani mwaisewera mmene ilili. Musayendenso dala kumpoto kwenikweni kwa mapu komwe kuli Deep North, dera limenelo lisiyeni losaponda kuti zatsopano zikadzabwera mudzazipeze bwinobwino.

Ngati mukukayikabe za kompyuta yanu, Steam imabweza ndalama ngati simunapyole maola 2 mukusewera komanso masiku 14 chigulireni. Maola awiriwo ngokwana kuona ngati ikuyenda bwino pa makina anu, yatsani moto, imani m'nkhalango yowirira nthawi ya mvula muone ngati sikujejemera. Koma sangakwane kuweruza gemuyo, chifukwa mudzakhala mukadali ku Meadows mukutola nthambi. Mundiuze laputopu yanu ili ndi graphics card yanji ndi RAM yochuluka bwanji ndikuuzeni zoti mutsitse, ndipo mukagula mundikhudze, tili ndi dziko lina lomwe tangoyamba kumene, Eikthyr sitinamuphe, bedi lina tikukhomerani.