Za utsi ku America, amalamula ndani?

Achimwene mwafunsa kuti ku America pankhani ya utsi ndi zachilengedwe amalamula ndani, boma lalikulu la ku Washington kapena ma state, zigawo za dzikolo zimene zili ndi maboma awoawo. Onse awiri, koma osati mofanana. Mu 1970 boma la ku Washington linakhazikitsa EPA, bungwe loteteza zachilengedwe, nkukhwimitsa Clean Air Act, lamulo loteteza mpweya, ndiye EPA ndi imene imaika mulingo woti mpweya usaipe kupitirira apa, koma ntchito yambiri yoyendera mafakitale, kupereka ma permit ndi kulemba pulani yochepetsera utsi amagwira ndi ma state, ina ikachita ulesi EPA itha kulemba yokha pulaniyo.

Pamafakitale state itha kukhwimitsa kuposa Washington, kufewetsa ayi. Pamagalimoto atsopano mpamene pali nkhani, ma state saloledwa kupanga malamulo awoawo kupatula California, poti kumeneko anayamba kale kuika malamulo otere boma lalikulu lisanadzuke, utsi wa ku Los Angeles unafika poti maso kumachita kuwawa. Ndiye a ku California amapempha chilolezo ku EPA choti aike malamulo awoawo, ndipo ma state ena atha kutsata za California. Chimandiwawa ine nchakuti chilolezocho chimangoyendera ndale pomwe ana odwala mphumu akupuma utsi womwewo, mu 2019 boma la Trump linachilanda, mu 2022 la Biden nkuchibweza.