Masewero oseketsa mwezi ndi mwezi: yankho kwa achemwali a ku Kawale

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Kawale amene amatsogolera gulu la zisudzo la anthu 14. Akhala akuchita timasewero pa zochitika za kutchalitchi ndi pa zinkhoswe, koma tsopano akufuna kubwereka holo kuti azionetsa sewero loseketsa latsopano mwezi uliwonse kwa miyezi 6, anthu azilipira pakhomo. Afunsa kuti: "Kodi zimenezi zingatheke mu Lilongwe muno kapena tingotaya ndalama? Komanso ena m'gulu mwathu akuti nthabwala zokhazokha n'zopepuka, tiziikamo uthenga kumapeto."

Achemwali, zikomo pondikhulupirira ndi funso limeneli. Zingatheke ndithu, ndipo mtima wanga ukufunitsitsa zitatheka, chifukwa mzinda waukulu ngati uno sukuyenera kumadikira magulu a ku Blantyre kuti adzatiseketse kamodzi pa chaka. Koma masewero 6 achuluka. Chitani atatu.

Sewero loyamba lisakudetseni nkhawa. Kudzabwera azakhali, alamu, a kwaya, anzanu a ku banki m'khonde, holo idzadzaza tho. Amenewo abwera chifukwa cha inu. Mayeso enieni ndi sewero lachiwiri, pamene munthu wa ku Chilinde kapena ku Biwi, amene mulibe naye chibale, ayenera kusankha yekha kutulutsa ndalama ya ndiwo kuti adzakuonereninso. Mukachita changu kuti mukwanitse 6, lachiwirilo mudzalikonza m'masabata atatu okha, anthu atatopa kale, ena akujomba ku pulakatisi chifukwa cha maliro ndi maganyu. Likazizira limenelo, lachitatu mudzaonetsa mipando.

Nanga chimabweretsanso munthu n'chiyani? Taganizirani za Izeki ndi Jakobo. John Nyanga ndi Eric Mabedi a Kwathu Drama Group, amene ankasewera ngati Izeki ndi Jakobo, anatisiya, woyamba mu 2016, wachiwiri mu 2021, koma mpaka lero mukangotchula mayina awiriwa mu minibasi anthu amayamba kumwetulira. Anthu sankapita kukaona nkhani yachilendo ayi. Ankapita kukakumana ndi anthu awiri amene ankawadziwa kale, mayendedwe awo, makani awo, mmene wina ankayang'anira mnzake asanamuyankhe. Chiseko chinkayamba iwo asanatsegule n'komwe pakamwa. N'chimodzimodzi Manganya wa mu Tikuferanji: dzinali linakakamira Michael Usi mpaka pamene anakhala wachiwiri kwa pulezidenti mu 2024, anthu ankamutchulabe Manganya.

Ndiye inunso pangani anthu anu awiri kapena atatu amene azibwera m'masewero onse. Musawafune kutali, ali pakhomo panu pomwepo: alandilodi amene amawerenga zidebe za madzi pa mpopi, wa kabaza wodziwa zinsinsi za m'makomo onse, msungichuma wa banki m'khonde amene foni yake imangozima tsiku logawana likayandikira. Nkhani izisintha, anthuwo akhale omwewo. Oonera akatuluka n'kumakambirana kuti "kaya ulendo wotsatira alandilodi aja atani," dziwani kuti matikiti a sewero lotsatira mwagulitsa kale. Zimathandizanso ku pulakatisi, chifukwa wosewerayo sayambira pansi ulendo uliwonse, amangomukulitsa munthu wake.

Pa nkhani ya kupepuka ija, ndikukana. Kuliritsa anthu n'kosavuta kuno kwathu, mungoika mwana wamasiye pa siteji. Kuseketsa ndiye ntchito. Ndinaonerapo sewero mu holo ya tchalitchi ina ku Area 25, momwe bambo wina ankasewera ngati mlendo wofika nthawi ya nsima. Atamuuza kuti "tadya kale," iye sanayankhe. Anangotembenuza khosi pang'onopang'ono n'kuyang'ana poto amene anali atabisidwa kunsi kwa mpando, nthunzi ikutuluka, kenako n'kukhala pansi n'kuyamba kupinda mikono ya malaya. Holo yonse inafa nalo phwete, amayi ena mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Koma mnyamata amene ankasewera naye sanadikire. Anapitiriza mawu ake chiseko chili pakati, ndipo mizere itatu yotsatira palibe anaimva, kuphatikizapo nthabwala ina yabwino kwambiri imene ndinaimva chifukwa ndinakhala kutsogolo. Zinandiwawa, chifukwa anali atagwira ntchito yonse n'kuitaya pa mphindi imodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Phunzitsani anthu anu kudikira chiseko chifike pamwamba, chikayamba kutsika m'pamene alowe ndi mawu. Zimenezi siziphunzirika mu holo yopanda anthu, choncho sabata yomaliza itanani anthu 10 kapena 15 achilendo adzaonere pulakatisi, wina akhale kumbuyo ndi kope azilemba pamene aseka ndi pamene ayamba kuyang'ana mafoni.

Uthenga ulimo kale m'chisekomo. Mayi amene akuseka msungichuma wozimitsa foni uja akudziwa bwino lomwe za ndalama zake, ndipo amene wakhala naye pafupi mwina ndi msungichuma weniweni. Chimene ndikukupemphani n'chakuti musaimitse munthu kumapeto kuti afotokoze "phunziro la seweroli." Masewero a mabungwe anatizoloweretsa zimenezo, ndipo malo ake alipo, koma amene walipira pakhomo amayamba kudzuka akangomva mawu a ulaliki.

Zina zija ndingodutsamo. Sankhani miyezi ya pakati pa May ndi October. Mvula ikagwa pa malata a holo palibe chimveka, ngakhale mufuule bwanji. Yambani 2 koloko masana kuti pofika 5 anthu akhale akukwera minibasi kusanade, mitengo ya kabaza isanakwere. Tsiku likhale lodziwika, monga Loweruka loyamba anthu atalandira malipiro, ndipo holo ikhale yomweyo ulendo uliwonse kuti anthu asamafunse. Yang'ananinso ndandanda wa mpira: ngati Silver Strikers ikukumana ndi Bullets kapena Wanderers mumzinda muno, abambo simuwaona. Osewera azolowere kuyankhula mofika kumbuyo popanda maikolofoni, kuti magetsi akathima sewero lisaime. Ndipo musaiwale kupita ku Censorship Board nthawi ikadalipo kukafunsa za chilolezo, chifukwa lamulo la 1968 loona za zisangalalo limakhudzanso masewero oonetsedwa kwa anthu.

Pakhomo ndi pamene magulu ambiri amathera. Ikanipo anthu awiri osachokera banja limodzi, nambala ya Airtel Money ndi ya Mpamba zilembedwe poonekera, ndalama muwerengere pamodzi tsiku lomwelo anthu asanabalalike. Wosewera aliyense mum'patse tikiti imodzi yaulere, basi, kuti wobwera ndi mawu akuti "ndine mlamu wa uje" apeze yankho lili kale. Ndalama ya holo ya sewero lachiwiri muichotse musanagawane kalikonse.

Mukagwirizana tsiku la sewero lachiwirilo, achemwali, mundilembere. Limenelo ndi limene ndikufuna kudzaonera, ndipo tikiti ndidzagula ndekha pakhomo.