Mafunso Anu pa Zakanema: Kodi Awiriwa Anakumanadi Chaka Chatha?

FUNSO: Akonzi, m'gulu lathu loonera mafilimu akale tinaonera filimu yachifalansa ya mu 1961, ya Last Year at Marienbad. Bambo wina akuuza mayi kuti anakumana chaka chatha ndipo anapangana zothawira limodzi, koma mayiyo akukanitsitsa kuti sakumudziwa. Filimu yatha osatiuza wonena zoona. Ena mwa ife akuti ndi luso lapamwamba, ena akuti tangotaya nthawi. Kodi anakumanadi? Wowerenga wanu.

YANKHO: Mkangano wanuwo unayambira kwa eni filimuyo. Wolemba nkhaniyo, Alain Robbe-Grillet, ankaona kuti kunja kwa zomwe zikuoneka pa sikirini kulibe chaka chatha chilichonse, pomwe wotsogolera kujambula, Alain Resnais, ankapendekera ku maganizo akuti chinachake chinachitikadi. Nawonso oonera sanamvanepo chimodzi: filimuyi inapata mphoto yaikulu ya Golden Lion pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Venice mu 1961, koma mu 1978 inalowetsedwa m'buku lotchula mafilimu 50 oipitsitsa. Choncho musavutike kufunafuna yankho lobisika. Chimene mungapeze, ndipo n'chokoma kuchipeza, ndi njira yomwe filimuyi imakukanizirani yankholo.

Onani za mayina. Anthu atatu akuluakulu satchulidwa dzina. M'zolemba za filimuyi amangodziwika ndi zilembo: X ndi bambo uja, A ndi mayi uja, ndipo M ndi bambo wina amene mwina ndi mwamuna wake wa A. Onani za malo. Filimuyi sanaijambulire ku Marienbad, tauni ya ku Czech Republic, koma m'nyumba zachifumu za ku Munich, ku Germany, ndi kufupi nako, monga Nymphenburg ndi Schleissheim, kenako n'kulumikiza makonde a nyumba zosiyana ngati hotela imodzi. N'chifukwa chake simungajambule mapu a hotelayo ngakhale mutaionera kangati. Ndiye pali chithunzi cha m'munda: anthu aima chilili, zithunzithunzi zawo zatalika pansi, koma timitengo tosadzidwa bwino tomwe tili pambali pawo tilibe mthunzi. Zithunzithunzi za anthuzo anachita kuzipaka pansi ndi penti. Munthu amene wavutikira kupaka penti kuti dzuwa liname sanalakwitse; akukuuzani poyera kuti zomwe mukuonazi si za padziko lenileni, ndi za m'mutu mwa wina.

Ife timaima apa: funso lenileni la filimuyi si lakuti anakumana kapena ayi, koma lakuti kodi munthu angabwereze nkhani mpaka mnzake kuyamba kukayikira chikumbukiro chake. Tamverani mmene X amalankhulira. Akunena za chipinda, chithunzi chikusonyeza zosiyana ndi zonena zake, iye n'kudzikonza, chithunzicho n'kusintha. Pamenepo nkhani ya chikondi imayamba kuoneka ngati nkhani ya kukakamiza, ndipo ambiri amene amaikonda filimuyi amaikondera mantha amenewo.

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine vuto langa ndi lakuti aliyense wopanga filimu yosamveka amathawira ku mawu akuti "ndi luso". Ndingasiyanitse bwanji filimu yosokoneza mwadala ndi yongopangidwa mwachisawawa? Wokonda kanema.

YANKHO: Funso labwino, chifukwa mafilimu obisala kuseri kwa mawu amenewo alipodi. Muyeso wake ndi uwu: filimu yosokoneza mwadala imaphwanya malamulo a mafilimu ena koma imasunga ake. Yachisawawa ilibe lamulo n'komwe.

Kuti muyese, muionere kawiri. Ulendo woyamba musaimitse, musabweze m'mbuyo, musathamangitse liwiro. Ikatha, musanawerenge maganizo a wina aliyense pa intaneti, lembani zinthu zitatu zomwe zakukanirirani m'mutu, kaya ndi phokoso, chovala kapena nkhope. Padutse tsiku limodzi kapena awiri. Ulendo wachiwiri khalani ndi pepala logawidwa patatu: mphindi yomwe chinthu chachitika, zomwe maso aona, ndi zomwe makutu amva. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya, chifukwa amalemba tanthauzo m'malo mwa zomwe aona. Musalembe kuti "akulota". Lembani kuti "diresi yasintha kuchoka yakuda kukhala yoyera, chiganizo chomwe amanena sichinadukize". Mukatero werengani zobwerezedwa. Chodabwitsa chochitika kamodzi chikhoza kukhala cholakwika cha olumikiza zithunzi. Chikabwera katatu, pamalo ofanana m'nkhani, ndi dongosolo.

Mu Marienbad muja muli chitsanzo chosavuta kuyesa ndi machesi 16. M amayala mizere inayi ya 1, 3, 5 ndi 7. Osewera awiri amasinthana, aliyense n'kuchotsa machesi omwe akufuna mumzere umodzi wokha, ndipo wotenga chomaliza ndiye waluza. Masewerawa, otchedwa Nim, ali ndi masamu ake enieni: pa kayalidwe kameneka, wosewera wachiwiri amapambana nthawi zonse ngati salakwitsa. M amapambana ulendo uliwonse. M'filimu yomwe zovala, zipinda ndi nthawi zikuterereka, aikamo chinthu chimodzi chosaterereka. Kusamala kotere simungakupeze m'filimu yachisawawa.

Muyeso wina ndi kuchotsa. Tengani chigawo chomwe chakusokonezani, muyerekeze kuti mulibe. Ngati zigawo zoyandikana nazo zasintha kakomedwe kapena tanthauzo, chinali ndi ntchito. Izi zimachokera pa zomwe Lev Kuleshov, wopanga mafilimu wa ku Russia, anasonyeza zaka zoposa 100 zapitazo, kuti nkhope imodzimodziyo imaoneka yanjala kapena yachisoni malinga ndi chithunzi chomwe mwailumikiza nacho. Ngati mungachotse zigawo zisanu popanda chosintha, kapena kuzisinthanitsa malo mmene mwafunira, muli ndi chifukwa chomveka chonenera kuti filimuyo ndi yofooka. Ndipo ngakhale itapambana miyeso yonseyi, muli ndi ufulu woida. Kungoti mudzaida mukudziwa chimene mukuda.

FUNSO: Nditayamba kuonera filimu yomweyi pa foni, mawu a wofotokoza ankamveka n'kuzimiririka, kenako ankabwereza zomwezomwezo. Kodi kope langa ndi lowonongeka?

YANKHO: Poyambirira paja ayi. Mawuwo amadza n'kumira m'nyimbo ya limba la oogani mwadala, kamera ikuyenda m'makonde ndi kudenga. Koma makope oipa alipo, ndipo amawonjezera chisokonezo chomwe eni filimu sanaikemo. Filimuyi ndi yakuda ndi yoyera, ya mphindi pafupifupi 94, ndipo chithunzi chake n'chotambalala kwambiri. Ngati chadzaza sikirini yonse popanda mizere yakuda pamwamba ndi pansi, ndiye kuti achidula m'mbali kapena foni yachikulitsa, ndipo anthu oima kumphepete, omwe nthawi zambiri ndi ofunika, asowa. Yang'ananinso mawu omasulira olembedwa m'munsi: akachedwa ndi masekondi awiri okha, kudzikonza kwa X kumagwera pa chithunzi china, ndiye simungaone kuti chithunzi chikumvera mawu ake. Mapulogalamu ngati VLC amalola kusuntha mawuwo kutsogolo kapena m'mbuyo. Akonzeni pa chigawo chomwe milomo ya wolankhula ikuoneka, valani mahedifoni, ndipo ngati n'kotheka muionere pa sikirini yaikulu m'chipinda chozimitsa magetsi.