Kodi munthu wamkulu n'kuvala jezi ya timu? Kuyankha bambo amene anandilembera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa zaka 44. Akuti Loweruka lina anavala jezi ya timu yawo popita kukaonera mpira kwa mnzawo, ndiye mlamu wawo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Alamu, zimenezi si za ana kodi?" Chichokere tsiku limenelo sanaivalenso. Akufunsa ngati n'zoyenera kuti munthu wamkulu, wapabanja, wa ana ake, azivala jezi ya timu ya mpira.

Bambo, kalata yanu ndaiwerenga katatu. Ndachedwa kuyankha chifukwa mwandikhudza pachilonda. Mawu omwewo ndinauzidwapo ine, ndipo anandilanda kwa zaka zambiri chinthu chimene ndinkachikonda. Mundilole ndiyambire kutali.

Ine Liverpool ndinaidziwira kwa achimwene anga aakulu. Anali munthu wofatsa, wosachulutsa gaga m'diwa, woti mukhoza kukhala naye tsiku lonse n'kungomva mawu khumi okha. Koma anali ndi jezi imodzi yofiira, ya Reebok, pachifuwa atalemba Carlsberg. Jezi imeneyo ankachapa okha ndi manja, salola wina kuikhudza. Poyanika ankaitembenuza kunja kukhala mkati, n'kuiika pamthunzi kuti zilembo zisasupuke. Simbi inali yoletsedwa kuyandikira pamenepo. Ine ndili mnyamata ndinkadabwa kuti munthu amene malaya ake ena ankangowaponya pampando akusamaliranji chonchi kansalu kamodzi.

Ndinamvetsa usiku wa pa 25 May 2005. Liverpool inkasewera ndi AC Milan ku Istanbul, mu ndime yomaliza ya Champions League. Tinali gulu, tadzaza m'chipinda, maso onse pa TV. Mphindi yoyamba yeniyeniyo Maldini wa AC Milan wagoletsa. Kenako Crespo ziwiri. Popita kokapuma zigoli zinali 3 kwa 0. Anthu anayamba kudzuka mmodzimmodzi, ena akutukwana, ndipo wina anawagwira paphewa achimwene n'kuwauza kuti, "Vulani chimenecho akulu, chikukuchititsani manyazi." Iwo sanatembenuke n'komwe. Anangoika dzanja pabaji, pamtima pomwepa, n'kunena chapansipansi kuti, "Jezi savula timu ikamagonja."

Zotsatira zake mukuzidziwa. Gerrard ndi mutu, Šmicer kuchokera kutali, kenako Alonso kumalizitsa penate yomwe goloboyi anaibweza. Zigoli zitatu m'mphindi zisanu ndi imodzi. Mpira unafika ku mapenate, Dudek, goloboyi wa Liverpool, n'kugwira ya Shevchenko, chikho n'kupita ku Liverpool. Nditacheuka ndinapeza achimwene akulira, misozi ikugwera pa Carlsberg pompo, osaipukuta. Moyo wanga wonse ndinawaona akulira kawiri kokha, ndipo kameneko kanali koyamba.

Achimwenewo anatisiya patapita zaka zingapo. Akazi awo ndi amene anandiitana pambali tsiku lina n'kundipatsa jezi ija, yopindidwa bwinobwino m'kajumbo. Anati, "Iyi ndi yanu, achimwene anu akanafuna choncho." Kolala inali itayamba kutha, chilembo chimodzi pachifuwa chitang'ambika pakati, koma fungo la sopo amene ankachapira linali likadalimo. Ndinayamba kuivala tsiku lililonse la masewero. Ndikaivala ndinkamva ngati tikuonera limodzi.

Ndiye tsiku lina, pa kachisangalalo kena ka anzanga a kuntchito, bambo wina wachikulire amene ndinkamulemekeza kwambiri anandiona nditaivala. Anaseka pang'ono n'kunena pamaso pa anthu kuti, "Inu, ndevu zayamba imvi, mukadavalabe zimenezi? Siyirani ana." Anthu anaseka. Inenso ndinamwetulira kuti ndisaononge macheza, koma mumtima munali mutabayidwa. Nditafika kunyumba ndinaivula, kuipinda, kuiika pansi penipeni pa sutikesi. Bamboyo sankadziwa kuti jeziyo inali ya ndani. Kwa iye anali macheza a mphindi imodzi, mwina pofika mawa lake anali ataiwala. Ine ndinakhala nawo mawuwo kwa zaka. Mpira ndinkaonerabe, koma nditavala malaya wamba, ngati mlendo pa ukwati wa m'bale wanga.

N'chifukwa chake kalata yanu yandiwawa, bambo. Ndikudziwa mmene munamvera pamene mlamu wanu ankakuyezani ndi maso.

Tsono tinene chilungamo, maganizo akuti jezi ndi ya ana sanangogwa kumwamba. Kale ku England anthu akuluakulu ankapita kubwalo atavala majekete ndi zipewa, chizindikiro cha timu chili sikafu yokha m'khosi. Malonda a majezi ofanana ndi a osewera anayamba mu 1973, pamene kampani ya Admiral inagwirizana ndi Leeds United, nthawi ya mphunzitsi Don Revie. Chaka chotsatira Admiral inatenganso timu ya dziko la England. Ndipo n'zoona, majezi oyambirirawo ankasokera makamaka ana, kuti mwana akamathamanga ndi mpira aziona ngati ndi wosewera amene amamusirira. Koma ana amenewo anakula. Amene anali ndi zaka khumi mu 1974 anali bambo wa zaka 30 mu 1994, ndipo sanaone chifukwa chosiyira. Pofika m'ma 1990 mabwalo anali atadzaza ndi akuluakulu ovala mitundu ya matimu awo, ndipo mu 1993 Premier League inayamba kulemba mayina a osewera kumsana pamodzi ndi nambala yokhazikika ya aliyense. Ndiye amene akunena lero kuti jezi ndi ya ana akukamba za dziko limene linatha zaka zoposa 30 zapitazo.

Ndipo ndikufuna mlamu wanuyo akaone zithunzi za pa 3 February 1996 ku Johannesburg. South Africa itagonjetsa Tunisia 2 kwa 0 n'kutenga chikho cha Africa Cup of Nations, Nelson Mandela anaima pambali pa kaputeni Neil Tovey atavala jezi ya Bafana Bafana. Anali ndi zaka 77, mtsogoleri wa dziko, mutu uli mbuu ndi imvi. Chaka cham'mbuyo mwake anali atachitanso chimodzimodzi ndi jezi yobiriwira ya Springboks pa ndime yomaliza ya World Cup ya rugby. Ndani angaime n'kunena kuti Mandela anachita zachibwana? Ankadziwa chimene jezi imanena popanda munthu kutsegula pakamwa: awa ndi anthu anga, ndili nawo.

Apa ndiye pamene mtima wanga umauma, ndipo sindibwerera m'mbuyo. Kunyoza munthu wamkulu chifukwa cha jezi si nkhani ya ulemu kapena kudzilemekeza ayi. Ndi kuuza munthu kuti ukakula usamaonetse kuti pali chimene umachikonda. Ukhale wouma, usasangalale poyera, usalire timu ikaluza. Ine zimenezo ndimakana. Munthu amene amadzuka m'mamawa sabata yonse kukagwira ntchito, kulipirira ana sukulu, kusamala makolo, ndiye tsiku limodzi lokha wavala malaya ofiira kapena abuluu kuti kwa mphindi 90 akhale mbali ya chinthu chachikulu kuposa mavuto ake, walakwira ndani? Wamubera ndani? Ena amati jezi siikhala bwino pa munthu wa mimba yaikulu. Nanga malaya enawa mimbayo amaibisa? Thupi la munthu wa zaka 50 ndi thupi la munthu wa zaka 50, kaya wavala suti kaya jezi, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Amene amavala jezi sanena kuti akhoza kuthamanga ngati Salah. Akungonena kumene kuli mtima wake.

Mitundu imeneyi si nsalu chabe, ndipo matimu amene anaiwala zimenezi anaona zakuda. Mu 2012 mwini wa Cardiff City anasintha jezi ya timuyo kuchoka ku buluu kupita ku yofiira. Masapota, ambiri a iwo akuluakulu, anakana. Anapitiriza kubwera kubwalo atavala majezi awo akale abuluu, kuchita zionetsero, mpaka mu January 2015 timu inabwerera ku buluu. Sanali ana amene anamenya nkhondo imeneyo. Brazil nayo inkasewera itavala zoyera, koma itagonja kwa Uruguay pa bwalo la Maracanã mu 1950 anthu sanafunenso kuuona mtunduwo, ndipo m'pamene inabadwira jezi yachikasu imene dziko lonse limaidziwa lero. Ngakhale Liverpool yangayi, kuvala zofiira kuyambira pamwamba mpaka pansi ndi nzeru za mphunzitsi Bill Shankly mu 1964. Ndikavala jezi ya achimwene ndimakhala ndavala mbiri yonseyo.

Ngati pali ofunika kuwakwiyira pa nkhani ya majezi, si inu kapena ine. Ndi amene asandutsa chikondi chathu kukhala mgodi. Kale jezi imodzi inkakhala nyengo ziwiri. Lero chaka chilichonse kumatuluka zitatu, yapakhomo, yakoyenda ndi ina yachitatu imene palibe anaipempha, ndipo pali ya osewera yothina ndi ya masapota yotakasuka, zonse kuti munthu azingotulutsa ndalama. Mu 2003 boma la Britain linalipitsa makampani angapo chindapusa cha mapaundi 18.6 miliyoni chifukwa chogwirizana mobisa pa mitengo ya majezi, ndipo pakati pawo panali Manchester United, Umbro ndi bungwe loyendetsa mpira ku England la FA. Chimene chimandipweteka kuposa zonse ndi zotsatsa za kubetcha pachifuwa. Bambo akuyenda ndi mwana wake, pamtima pake pali dzina la kampani ya njuga. Matimu a Premier League anagwirizana kuti kuyambira nyengo ya 2026/27 achotse makampani amenewa kutsogolo kwa jezi, ndipo ine ndikuti anachedwa. Kumbukirani kuti Barcelona inakhala zaka zoposa 100 pachifuwa palibe dzina la kampani, ndipo mu 2006 dzina loyamba kuikidwapo linali la Unicef, timuyo n'kumaperekanso ndalama ku bungwelo m'malo molandira. Zinali zotheka.

Za dzina kumsana

Apa pokha ndi pamene ndimamvetsako pang'ono anthu otsutsa. Ine sindilembetsa dzina la wosewera amene akusewerabe. Osati chifukwa ndi wamng'ono kwa ine, koma chifukwa osewera amachoka. Funsani a Barcelona amene anali ndi dzina la Figo kumsana mu 2000 pamene anapita ku Real Madrid, kapena a Arsenal amene analembetsa Van Persie asanapite ku Manchester United mu 2012. Baji imatsala, dzina limasamuka. Koma ngati inu mumakonda wosewera wina mpaka kufuna dzina lake, lembetsani, msana ndi wanu.

Kumene sindiivala

Kumaliro ayi, pokhapokha banja litapempha lokha kuti anthu abwere ndi mitundu ya timu ya malemuyo. Ku ukwati wa munthu wina ayi. Kofunsira ntchito ayi. Ndiponso osakakhala pakati pa masapota a timu ina tsiku la mpira wa mkangano utavala jezi yako, chifukwa kumeneko si nkhani ya msinkhu, ndi nkhani ya moyo. Malo ena onse ndi anu. Muichape ikhale yaukhondo, mugule yokukwanani osati yothina, ndipo mukaivala musatukwane anthu kapena kuyambitsa ndewu, chifukwa mwanyamula dzina la anthu ambiri. Yankho langa ndi lomweli, bambo: valani. Mlamu wanu akadzabwerezanso, musakangane naye, mungomuuza kuti munayamba kuikonda timuyi liti komanso anakuphunzitsani ndani.

Ine yanga ndinaitulutsa pa 25 June 2020. Usiku umenewo Liverpool sinkasewera n'komwe. Chelsea ndi imene inkasewera ndi Manchester City, m'bwalo lopanda anthu chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo City ikangolephera kupambana ndiye kuti ligi yapita ku Liverpool, koyamba chichokere 1990. Achimwene anadikira chikho chimenecho mpaka kulowa m'manda osachiona. Mpira utatsala pang'ono kutha, Chelsea ikutsogola 2 kwa 1, ndinadzuka, kupita kuchipinda, kukoka sutikesi pansi pa bedi n'kukhuthula zonse. Inali pansi pomwe ndinaisiya, mizere ya mopindamo itakhazikika ngati yojambula. Fungo la sopo lija linali litatha. Ndinaivala choncho yokwinyikayo, ikundithina pang'ono m'mapewa, n'kubwerera pabalaza woyimbira mpira atatsala pang'ono kuliza wezulo yomaliza.

Mwana wanga wamkazi, amene sanawaonepo bambo ake aakulu, anandiyang'ana n'kufunsa kuti jeziyo ndaitenga kuti. Ndinamukhazika pambali panga n'kuyamba kumufotokozera za usiku wa ku Istanbul, kuyambira pa chigoli cha Maldini. Masiku ano akaona kuti Liverpool ikusewera, ndi iye amene amakaitenga n'kudzandipatsa, ndipo amadziwa kuti poyanika timaitembenuza ndi kuiika pamthunzi.