Afunseni Anaphiri: Atcheyamani akufuna ndisainiretu macheke

Anaphiri,

Ndine mayi wa ku Mchengautuwa kuno ku Mzuzu. Mwana wanga wachiwiri ali ndi zaka 11, sayenda, kusukulu ndimachita kumubereka. Ndine msungichuma wa kabungwe kothandiza ana aulumali komwe tidayambitsa makolo ndi anzathu ena a kutchalitchi. Chaka chatha akufuna kwabwino a kunja adatitumizira ndalama ndi njinga 12 zoyendera ana aulumali. Zinayi sizidafike kwa ana omwe adali pamndandanda; atcheyamani akuti adakazipereka kumudzi kwawo poti nakonso kuli ovutika. Pano akuti ndizisainiratu macheke osalembapo kanthu kuti ntchito isamachedwe. Amajambulanso ana athu, ena asanavale n'komwe bwino, n'kumaika pa Facebook osatifunsa. Nditadandaula adaseka, ati mbuzi imadya pomwe aimangirira, komanso pakadapanda iwo azunguwo sitikadawadziwa. M'komiti mwathu mulibe munthu waulumali ndi mmodzi yemwe. Bambowa ndi mkulu wa mpingo ndipo ndimawaopa. Kodi ndingotula pansi udindo?

Mayi wodandaula, Mchengautuwa

Mayi,

Musatule. Mukachoka lero, mawa pampando wanupo pakhala alamu awo ndipo buku lonse la macheke lisainidwa tsiku limodzi. Koma cheke chosalembapo kanthu musadzasainenso. Nkhani ikadzafika kupolisi, siginecha yomwe idzakhale pacheke ndi yanu, ndipo zoti munkaopa mkulu wa mpingo palibe adzazimve.

Zoti pakadapanda iwo thandizo silikadabwera, n'kutheka n'zoona, kulemba makalata amatha. Koma anthu aja adatumiza katundu ataona maina ndi nkhope za ana anu. Eni njingazo ndi ana a pamndandanda, atcheyamani adangotumidwa kukalandira. Kuti kwawo kuli ovutika sinditsutsa. Akadabwera nayo nkhaniyo kukomiti, mukadakambirana, opereka aja n'kuuzidwa. Adasankha kuchita mwakachetechete chifukwa ankadziwa kuti mukana.

Palinso china chomwe ambiri sachilabadira. Njinga ya mwana waulumali imayenera kuyezedwa pathupi pake. Ikakula kapena kuchepa, mwana amatuluka zilonda m'matako, msana n'kumapindika. Ndiye ngakhale ana a kumudziwo mwina sadathandizidwe konse. Zisanu ndi zitatu zomwe zidafika kwa eni akezo, pemphani a mafizo pachipatala chachikulu cha Mzuzu akazione ngati zikuwakwana anawo, makamaka poti misewu ya kwanuko ndi ya zitunda ndi matope nthawi ya dzinja.

Tengani makolo anzanu awiri, mukawaone bambowa mwaulemu, osati pakhomo la tchalitchi anthu akutuluka. Auzeni kuti cheke chilichonse muzisaina chitalembedwa kale dzina ndi ndalama, lisiti kapena kotesheni ili pambali. Pemphani msonkhano wa makolo onse pomwe sitetimenti ya kubanki ndi mndandanda wa olandira njinga ziwerengedwe mokweza. Zomwe mwakambirana alembi alembe, inu musunge kope yanu kunyumba. Munthu wa manja oyera msonkhano wotere sauthawa.

Akakana, muli n'kopita. Ngati kabungweko kadalembetsedwa ngati gulu la m'dera, yambirani ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu. Ngati ndi NGO, pali NGORA, bungwe la boma loyang'anira ma NGO, komwe mabungwe amayenera kupereka malipoti a chuma chaka ndi chaka. Palinso MACODA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, lomwe lidalowa m'malo mwa bungwe lakale la MACOHA pansi pa lamulo la anthu aulumali la 2024. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 5 kupita m'mwamba, pafupifupi 10 ali ndi ulumali. Anthu ochuluka chonchi ndiwo akopa mabungwe a m'chikwama, ndipo kabungwe kanuko kakulowera komweko ngati simukagwira msanga.

Chomwe chandiwawa kwambiri m'kalata mwanu ndi komiti yopanda waulumali. FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali m'Malawi, idayamba mu 1999 kuti anthu aulumali azidziyankhulira okha, ndipo mu 2021 anthu a ku Nkhotakota adasankha a Overstone Kondowe, munthu wachialubino, kukhala phungu. Ndiye komiti ya ku Mchengautuwa ingalephere kupeza munthu wamkulu waulumali woti akhalemo? Mu Mzuzu muno alipo aphunzitsi, atelala ndi ochita malonda otero. Sankhani awiri, ndipo asakhale ongodzaza mipando: mmodzi akhale wosainira nawo kubanki. Munthu amene adakhalapo panjinga yosamukwana sangavomere kuti njinga zizingogawidwa ngati zitenje za pamsonkhano wachipani.

Za zithunzi, gwirizanani makolo kuti popanda chilolezo cholemba palibe mwana ajambulidwe, ndipo zomwe zili kale pa Facebook za ana osavala bwino zichotsedwe sabata ino. Chilolezocho chisakhale cha inu nokha. Mwana wanu ali ndi zaka 11, amamva ndipo anzake kusukulu amaona mafoni a makolo awo. Mufunseni iyeyo ngati akufuna chithunzi chake chikhalepo, ndipo akati ayi, kawauzeni atcheyamani kuti mwini wake wakana.

Anaphiri