Kodi ku AfrikaBurn ndinyamule ndalama zingati?

Funso: Ndimagwira ntchito ku Cape Town ndipo anzanga andiitanira ku AfrikaBurn. Chakudya cha sabata yonse chingandidyere ndalama zingati?

Yankho: Ndalamazo zikhala m'thumba basi, achimwene. Ku chikondwerero cha zaluso chimenechi, chomwe chinayamba mu 2007 m'chipululu cha Tankwa Karoo, sagulitsa kanthu kupatula ayezi. Anthu amapatsana zinthu mwaulere, choncho inunso konzani kamphatso, kaya tiyi kaya mandasi. Chakudya chonse nyamulani nokha, pamodzi ndi madzi malita 5 pa tsiku pa munthu aliyense. Msewu wopita kumeneko, wa R355, ndi wa miyala yong'amba matayala. Tengani awiri apadera, musathamangitse galimoto. Usiku kumazizira, bulangete musaiwale. Zinyalala zonse, ngakhale kachidutswa ka ndudu, mubwerere nazo.