Broka zikungothyoka poboola plaka, ndigule drilo ina?

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Ulongwe, amakonza mawailesi ndi machaja a sola, akuti ayamba kudzipangira okha maplaka a seketi (timatabwa tomangirapo tizipangizo ta magetsi) koma pofika poboola ndiye mavuto, broka (tizitsulo toboolera) za 0.8 mm zathyoka zitatu sabata imodzi komanso ka IC ka NE555 (kachipangizo ka miyendo eyiti) kakukana kulowa m'mabowo. Funso lawo ndi lomwe lili pamwambali.

Achimwene, ndalamayo isungeni kaye. Inenso zinandichitikira, broka zochita kuitanitsa ku Tete zinatha ndikungoda manja anga, osadziwa kuti drilo inali yopendekeka. Broka za carbide ndi zolimba zedi koma sizilola kupindika olo pang'ono, zikakankhidwira m'mbali zimangothyoka ngati galasi. Ndiye kugwira drilo pamanja siyani, imangeni pa thabwa ndi zomangira paipi ziwiri, thabwalo liziyenda pa njanji za dirowa kukwera ndi kutsika, mukaligwedeza lisamasewere.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna mumvetse. Zulani pulagi. Tengani waya wolimba woti drilo iwugwire bwino, muwupinde kuti utuluke m'mbali masentimita ngati 5 kenako nsonga iloze pansi. Tsitsani mpaka nsongayo ingokhudza thabwa la pansi, muzizunguliza ndi chala pang'onopang'ono khutu lili pafupi. Mukamva ikukanda mbali imodzi, mbali inayo ikuyandama m'mwamba, drilo yanu yapendekeka ngakhale maso akuuzeni kuti yawongoka. Masulani zomangira, lowetsani tizidutswa ta chitini cha zakumwa kumbali yofunika, mangani, zungulizaninso. Ine zinanditengera madzulo onse koma nsonga itayamba kukanda mofanana kuzungulira konse mtima unakhala pansi.

Kenako ikani broka muyatse, muyang'anitsitse nsonga. Ikamaoneka yonenepa ngati zilipo ziwiri ndiye kuti ikuvina, tsukani collet (kachitsulo kogwira broka mu drilo) mwina muli fumbi, ndipo onani saizi, broka zambiri za carbide tsinde lake ndi 3.175 mm, collet ikhalenso yomweyo.

Za IC ija, miyendo yake imatalikirana 2.54 mm basi, bowo limodzi likaphonya pang'ono yonse imakana. Pojambula seketi siyani kadontho kopanda kopa pakati pa padi iliyonse (kabwalo ka kopa kolowapo mwendo), broka imakagwera momwemo yokha osaterereka. Yambani mabowo a m'makona anayi, ena pambuyo. Ma diode (tizipangizo tolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha) ngati 1N4007 amafuna bowo la 1 mm, musawakakamize mu 0.8.

Drilo izithamanga kwambiri koma inu muzitsitsa mofatsa, plaka muipanikize pa kathabwa kosafunika kuti isanyamuke broka ikamatuluka, nthawi zambiri imathyokera pamenepo. Ngati plaka yanu ndi ya fibre valani chotseka mphuno, fumbi loyera lija si labwino m'chifuwa. Mukayesa za wayazo mundilembere kuti ikukanda mbali iti.